Alonda Osaoneka: Mbiri ya Tizilombo Tothandiza Thupi

Munthu woyenda pa msewu waukulu wochokera ku Lusaka, akaoloka mlatho wa Luangwa ndi kutsiriza zitunda ndi makhota a kumapiri, amafika pa Nyimba kukhosi kutauma. Pamenepo amayi ogulitsa nthochi amathamangira basi, ndipo chapambali sipalephera kukhala wina amene wakhazika chigubu cha thobwa pamthunzi. Ku Petauke nakonso ndi chimodzimodzi. Paukwati, pamaliro, ngakhale kumunda pa nthawi yopalira, thobwa silisowa. Inu ana mumalidziwa bwino, ndipo ena mwa inu mwamwa m'mawa uno. Koma ndani mwa inu anayamba wafunsapo kuti chimene chimasandutsa phala la dzulo kukhala chakumwa chowawasa ndi chiyani?

Anthu ophunzira anatha zaka zoposa mazana awiri akufunafuna yankho la funso limeneli. Atalipeza, linawatsogolera kumene sanali kuyembekezera, pakuti anazindikira kuti antchito amene amasasitsa mkaka ndi thobwa ali ndi abale awo okhala m'thupi la munthu, makamaka m'thupi la mayi, kumene amagwira ntchito ya ulonda usana ndi usiku.

Tiyambire kumtsuko. Mayi akaphika phala la thobwa amaliyembekeza kuti lipole pang'ono, kenaka amathiramo chimera. Chimeracho chimasungunula phala ndi kusandutsa ufa kukhala shuga, n'chifukwa chake thobwa la tsiku loyamba limatsekemera. Tsono mumtsukomo, m'chimera ndi pa mthiko mumakhala tizamoyo ting'onoting'ono totchedwa mabakiteriya. Timeneti timadya shuga uja ndi kutulutsa asidi, ndipo asidiyo ndiye amene lilime limamva ngati kuwawasa. Thobwa likagona masiku ambiri, mtundu wina wa tizamoyo, wotchedwa yisiti, umachuluka ndi kulisandutsa mowa. Zomwezi zimachitika pamene mphale yaviikidwa: fungo la matsukwa ndi fungo la ntchito ya mabakiteriya. Agogo athu sanali kuwaona, koma anali kudziwa kuwasamala. Anali kudziwa kuti mtsuko wakale umasasitsa msanga kuposa watsopano, ndi kuti chakudya chosasa bwino sichifulumira kuvunda.

Woyamba kuona tizamoyo timeneti ndi maso anali Antonie van Leeuwenhoek, wogulitsa nsalu wa mumzinda wa Delft ku Holland. Iye anali ndi luso lopera magalasi ang'onoang'ono okuza zinthu. M'chaka cha 1676, m'masiku amene maufumu a Kalonga ndi Undi anali kulamulira mbali zino, iye analemba za tizamoyo timene anaona m'madzi oviikamo tsabola. Mu 1683 anapala zoyera za m'mano ake, naziyang'ana pagalasi, ndipo anapezamo tambirimbiri tikuyendayenda. Analembera akatswiri a ku London za zimenezi, koma palibe amene anadziwa ntchito ya tizamoyoto. Panapita zaka pafupifupi 180 kufikira pamene Louis Pasteur wa ku France, mu 1857, anasonyeza kuti kusasa kwa mkaka ndi ntchito ya zamoyo, ndipo mu 1878 Joseph Lister wa ku Britain anatha kupatula mtundu umodzi wa mabakiteriya a mumkaka ndi kuuweta paokha.

Komatu mbiri ya mabakiteriya inaipa msanga. Robert Koch wa ku Germany anapeza kachilombo ka chifuwa chachikulu mu 1882, ndipo m'nyengo yomweyo anapezeka enanso oyambitsa kolera, tayifodi ndi matenda ena oopsa. Kuyambira pamenepo anthu anayamba kuganiza kuti kamoyo kalikonse kosaoneka ndi mdani. Ngakhale m'chinenero chathu tinawapatsa dzina loti tizilombo, ngati kuti onse ndi abale a fisi ndi nyalugwe. Ine ndimaona kuti dzinali linawalakwira, pakuti oyambitsa matenda ndi ochepa kwambiri poyerekeza ndi amene sativuta kapena amene amatithandiza. Koma dzina likamera mizu silizuka, chotero nafenso tipitiriza kuwatchula motero.

Pano ndipemphe aphunzitsi kuti gawo likudzali aliwerenge okha poyamba, ndi kuona mmene angalifotokozere ana a m'magiredi apamwamba. Ndi nkhani ya thupi la amayi, imene mwambo wathu umaikamba mwaulemu. Tiikamba mwaulemu, koma tiikamba ndithu, chifukwa atsikana ena amatha msinkhu akali ku pulayimale, ndipo akapanda kumva zoona kwa ife adzamva zabodza kwina.

M'zaka za m'ma 1800 amayi ambiri a ku Ulaya anali kumwalira ndi malungo a uchembere patangopita masiku owerengeka atabereka. Mu 1847 dokotala Ignaz Semmelweis, ali ku Vienna, anasonyeza kuti imfazo zimachepa kwambiri madokotala akamasamba m'manja ndi mankhwala asanakhudze mayi. Koma funso linatsala lakuti kodi tizilombo ta matendawa timachokera kunja kokha, kapena timakhala kale m'thupi la mayiyo? Dokotala wachinyamata wa ku Leipzig, dzina lake Albert Döderlein, anayamba kupima chikazi cha amayi oyembekezera kuti apeze yankho. Zimene anapeza anazisindikiza mu 1892, zaka zisanu ndi chimodzi Angoni a Mpezeni asanamenyane ndi asilikali a Angerezi. Iye anaona kuti mwa amayi athanzi njira ya chiberekero si yopanda tizilombo ayi. Muli mabakiteriya ochuluka, ooneka ngati timitengo tatitali, ndipo amatulutsa asidi yemwe uja wa mumkaka wosasa. Anaonanso kuti tizilombo toyambitsa mafinya tikaikidwa pamodzi ndi timitengo timeneti sitikula bwino. Kwa zaka zambiri madokotala anali kuwatchula kuti mabakiteriya a Döderlein. Lero amatchedwa Lactobacillus, dzina la Chilatini lotanthauza kamtengo ka mumkaka.

Taonani mmene thupi limawadyetsera alonda amenewa. Mtsikana akali mwana, mabakiteriyawa amakhala ochepa. Akatha msinkhu, thupi limayamba kusunga mtundu wina wa chakudya chonga ufa m'khungu la m'kati mwa njira ya chiberekero. Chakudyacho chimasanduka shuga, mabakiteriya amadya ndi kutulutsa asidi, ndipo malowo amakhala owawasa pafupifupi ngati madzi a phwetekere. Tizilombo tambiri ta matenda sitingathe kukhala m'malo otere, monga momwe zovunditsa zimalepherera mu mphale yoviikidwa. Mayi akasiya kusamba chifukwa cha ukalamba, chakudya chija chimachepa ndipo alonda nawonso amachepa. Chodabwitsa n'chakuti mwa nyama zonse zoyamwitsa zimene zapimidwa, ngakhale anyani ndi apusi, palibe ina imene ili ndi mabakiteriya amenewa ochuluka chotere koma munthu yekha.

Tsono m'thupi mulinso mlendo wina, wa mtundu wa yisiti. Amayi a kumudzi amazidziwa zoyera zimene nthawi zina zimamera pa lilime ndi m'masaya a khanda, zooneka ngati mkaka wogwirana koma zosachoka popukuta. Sing'anga wakale wa ku Greece, Hippocrates, analemba za matenda amenewa zaka zoposa 2,000 zapitazo. Mu 1839 Bernhard von Langenbeck anaona pagalasi kuti m'zoyerazo muli timaulusi ta nkhungu, ndipo mu 1849 dokotala wina wa ku England, Wilkinson, anafotokoza matenda omwewo m'njira ya chiberekero. Dzina loti Candida linaperekedwa mu 1923 ndi mayi wophunzira wa ku Holland, Christine Berkhout, ndipo limachokera ku liwu la Chilatini lonena za kuyera. Yisiti ameneyu amakhala mwakachetechete m'kamwa, m'matumbo ndi m'njira ya chiberekero mwa anthu ambiri athanzi. Amavuta pokhapo akachuluka, ndipo pamenepo mayi amamva kuyabwa ndi kutentha, ndi kuona chikazi choyera chogwirana. Akatswiri amati mwa amayi anayi alionse, atatu amadwala matendawa kamodzi kapena kuposa pa moyo wawo. Si matenda ochititsa manyazi, ndipo sasonyeza kuti munthu ndi wachiwerewere. Amakonda kubwera mayi akakhala ndi pakati, munthu akakhala ndi matenda a shuga, kapena chitetezo cha m'thupi chikafooka.

Ganizo loti munthu angamwe mabakiteriya dala kuti akhale wathanzi linatchuka ndi Élie Metchnikoff, katswiri wa ku Russia amene anali kugwira ntchito ku Paris. Mu 1905, chaka chomwe amishoni a Dutch Reformed anatsegula mishoni ya Nyanje, mnyamata wa ku Bulgaria wophunzira udokotala ku Geneva, Stamen Grigorov, anapeza bakiteriya amene amasasitsa yogati wa kwawo. Metchnikoff anali atamva kuti alimi a ku Bulgaria, amene amamwa kwambiri mkaka wosasa, amakhala ndi moyo wautali. Mu 1907 analemba buku lonena kuti mabakiteriya a mumkaka angathe kugonjetsa tizilombo toipa ta m'matumbo ndi kuchedwetsa ukalamba. Anthu a ku Paris ndi London anathamangira mkaka wosasa ngati mankhwala a moyo. Iye mwini anali kumwa tsiku ndi tsiku, koma anamwalira mu 1916 ali ndi zaka 71, zimene si zaka zodabwitsa ngakhale m'midzi ya mfumu Kalindawalo. Pambuyo pake kunadziwika kuti bakiteriya wa ku Bulgaria uja sakhazikika m'matumbo a munthu. Ngakhale zinali choncho ganizolo silinafe. Ku Japan, Minoru Shirota anaweta mtundu wina wopirira asidi wa m'mimba, ndipo mu 1935 chakumwa chake chotchedwa Yakult chinayamba kugulitsidwa.

Chimene chinaonetsa poyera ntchito ya alonda athu ndi mankhwala opha mabakiteriya. Alexander Fleming anatulukira penisilini mu 1928, ndipo pofika m'zaka za m'ma 1940 ndi 1950 mankhwala a mtundu umenewu anafala ndi kupulumutsa anthu osawerengeka. Koma madokotala anayamba kuona chinthu chachilendo: odwala amene anamwa mankhwala amphamvu opha mitundu yambiri ya mabakiteriya anali kuchira chibayo kapena chilonda, kenaka n'kugwidwa ndi Candida. Chifukwa chake n'chosavuta kumva. Mankhwalawo sasankha, amapha mbala pamodzi ndi mlonda, koma yisiti samukhudza, pakuti iye si bakiteriya. Munda ukatsala wopanda mwini, udzu umamera.

Mankhwala oyamba odalirika olimbana ndi yisitiyu anapezedwa ndi amayi awiri a ku America, Elizabeth Lee Hazen ndi Rachel Fuller Brown, ogwira ntchito m'dipatimenti ya zaumoyo ya chigawo cha New York. Hazen anali mumzinda wa New York, kumene anali kuweta tizamoyo ta m'dothi, ndipo Brown anali ku Albany, kumene anali kupatula mankhwala a m'tizamoyoto. Anali kutumizirana mabotolo pa positi. Dothi limene linawapatsa chimene anali kufuna linachokera pa famu ina ya ng'ombe ku Virginia. Analengeza mankhwalawo mu 1950, ndipo anatchedwa nystatin pokumbukira chigawo cha New York. Ndalama zimene zinachokera m'mankhwalawa zinaposa madola 13 miliyoni, koma amayi awiriwa sanazitenge, anazipereka kuti zithandize kafukufuku ndi maphunziro a sayansi. Mpaka lero khanda la zoyera m'kamwa likapita kuchipatala, kawirikawiri limapatsidwa mankhwala amenewa. Makolo anu akukumbukiranso mankhwala apepo a GV amene anali kupakidwa m'kamwa mwa ana.

M'dziko lathu Candida anaonetsa ukali wake m'nyengo ya Edzi. Wodwala woyamba analembedwa m'Zambia mu 1984, ndipo mu 1987 Pulezidenti Kenneth Kaunda anauza dziko lonse kuti mwana wake Masuzgo anamwalira ndi matendawa. M'zaka zimenezo anamwino a m'zipatala monga Minga, Nyimba ndi Petauke anali kuona akuluakulu ali ndi zoyera m'kamwa mpaka kummero, zowalepheretsa kumeza ngakhale phala, chinthu chimene kale chinali kuoneka kwambiri mwa makanda. Chinali chizindikiro chakuti chitetezo cha m'thupi chagwa. Kuyambira 2005, pamene mankhwala a ma ARV anayamba kuperekedwa mwaulere m'zipatala za boma, odwala otere anachepa.

Liwu loti probiotic, limene mumaliona pa mabotolo a yogati ndi pa timabokosi ta m'mafamase, linayamba kugwiritsidwa ntchito ndi akatswiri m'zaka za m'ma 1950 ndi 1960, koma tanthauzo lake linakhazikitsidwa mu 2001, pa msonkhano wa mabungwe a FAO ndi WHO ku Córdoba m'dziko la Argentina. Anagwirizana kuti dzinali ndi la tizamoyo tamoyo timene, tikaperekedwa pa muyeso wokwanira, timapindulitsa thanzi la munthu. Mu 2004 amayi a ku Mwanza ku Tanzania, mothandizana ndi yunivesite ya Western Ontario ya ku Canada, anayamba kupanga yogati wotchedwa Fiti wokhala ndi mabakiteriya osankhidwa, ndi kumagulitsa m'makhitchini awo.

Nanga kodi kumwa mabakiteriya otere kumaletsa matenda a yisiti? Apa ndi pamene wogulitsa ndi wofufuza amasiyana mawu, ndipo ine ndikuima ndi wofufuza. Mu 2004 madokotala a ku Melbourne ku Australia anapatsa Lactobacillus kwa amayi amene anali kumwa mankhwala opha mabakiteriya, ena anawapatsa zongofanizira, ndipo anapeza kuti matenda a yisiti anagwira magulu onse mofanana. Mu 2017 bungwe la Cochrane linasonkhanitsa zofufuza 10 za amayi 1,656, ndipo linaona kuti kuwonjezera mabakiteriya pa mankhwala enieni a yisiti kungathandize kuchira kwa kanthawi kochepa, koma umboni wake ndi wofooka, ndipo pa nthawi yaitali panalibe kusiyana koonekera. Chifukwa china n'chakuti yisiti saopa asidi monga amaopera mabakiteriya oipa. Inu nomwe mwaona kuti mu thobwa losasa yisiti amakula bwinobwino mpaka kulisandutsa mowa. Mayi angathe kukhala ndi alonda ake okwanira, n'kudwalabe matenda a yisiti.

Kumene alondawa aonetsa mphamvu zenizeni ndi pa matenda ena, amene amabwera pamene Lactobacillus wachepa ndipo mabakiteriya a mitundu yosakanikirana alowa m'malo mwake. Chikazi chimakhala chamadzimadzi, chotuwa, ndi cha fungo ngati la nsomba. Kafukufuku wa amayi 396 wa ku America, wosindikizidwa mu 2011, anasonyeza kuti Lactobacillus wa m'njira ya chiberekero ali mitundu inayi ikuluikulu, ndipo si mitundu ya mu yogati ayi. Mwa inayiyo, wotchedwa crispatus ndiye mlonda wolimba. Ku Umlazi, pafupi ndi Durban, akatswiri anatsatira atsikana 236 a zaka 18 mpaka 23, ndipo mu 2017 analengeza kuti amene anali ndi mabakiteriya osakanikirana anatenga kachilombo ka HIV mowirikiza kanayi kuposa amene anali ndi crispatus wochuluka. Mu 2020 ku America anayesa mankhwala opangidwa ndi crispatus wamoyo pa amayi 228 amene anali atangolandira chithandizo. Patapita masabata 12, matenda anabwerera mwa amayi 30 pa 100 alionse amene analandira crispatus, pamene mwa enawo anabwerera mwa 45. Ndi chiyambi chabwino, koma ulendo ukadali wautali.

Zakumwa zathu nazonso zafika pagalasi. Mu 2013 akatswiri a ku University of Zambia ndi anzawo a kunja anasindikiza zimene anapeza atapima mabisi, munkoyo ndi chibwantu, ndipo anaona kuti zonsezi zadzaza ndi mabakiteriya otulutsa asidi wa mumkaka. Thobwa lathu ndi mbale wa munkoyo ndi chibwantu. Ndi chakudya chabwino, chopatsa mphamvu, ndipo kuwawasa kwake kumathandiza kuletsa tizilombo ta matenda otsegula m'mimba kuti tisachuluke m'menemo. Koma tisapitirire malire. Thobwa likawiritsidwanso mabakiteriya ake amafa, ndipo ngakhale atakhala amoyo, malo awo ndi m'mimba. Thobwa, mkaka wosasa kapena yogati si mankhwala oika m'ziwalo zobisika.

Chimene chili m'manja mwathu ndi kusawononga alonda amene tili nawo kale. Pali chizolowezi, chimene nthawi zina chimaphunzitsidwa ndi alangizi a zolinga zabwino, chotsuka m'kati ndi sopo, kupukuta ndi nsalu, kapena kuikamo zitsamba, mchere ndi zina zoumitsa. Anthu amati ndi ukhondo, koma zimenezi zimakokolola Lactobacillus, zimachepetsa asidi, ndipo zimasiya timabala tosaoneka. M'kati mumadziyeretsa mokha, ndipo kusamba kunja ndi madzi oyera n'kokwanira. Chizolowezi china ndi chogula makapisozi pamsika kapena kupempha otsala kwa mnansi, munthu akangomva chimfine. Chimfine sichimva mankhwala amenewo, koma alonda amafa nawo. Ndiponso dzina loti mauka, limene ambiri amatchulira kuyabwa kulikonse kwa amayi, limaphimba matenda angapo osiyana: ena ndi a yisiti, ena ndi a mabakiteriya, ena ndi opatsirana, ndipo aliwonse ali ndi mankhwala akeake. Woyenera kusiyanitsa ndi namwino kapena dokotala. Mtsikana wa sukulu akamva zotere auze amayi ake, azakhali ake kapena aphunzitsi aakazi, ndipo amuperekeze kuchipatala, osati kumukalipira.

Aphunzitsi amene akufuna kuti ana aone okha ntchito ya asidi angachite izi m'kalasi. Tengani makapu awiri oyera, ndipo muthiremo mkaka wosasa kapena thobwa logona masiku awiri. Ana alawe pang'ono ndi kunena mmene likumvekera. Kenaka m'kapu imodzi muthiremo soda wophikira therere wokwana theka la sipuni yaing'ono, ndi kutakasa. Mudzaona timathovu tikukwera, ndipo wolawanso adzapeza kuti kuwawasa kwachepa kapena kwatheratu, pamene m'kapu inayo kukadalipo. Soda wathetsa asidi amene mabakiteriya anatha masiku awiri akupanga. Sopo ali m'gulu limodzi ndi soda ndi chidulo, ndipo akafika pamalo owawasa amachita zomwezo. Ana ajambule makapu awiriwo m'makope awo ndi kulemba pansi pake zimene aona.